Mbali Zinai za Cisumbu

Mitsinje yolowa m'Nyanja ya Malawi ndi yambiri, koma wotuluka ndi umodzi wokha, ndiwo Shire. Uyamba ku Mangochi, nupyola nyanja yaing'ono ya Malombe, nufika ku Liwonde, nutsika pa mathithi ambiri kufikira pa Kapichira. Pamenepo mapiri atha, ndipo mtsinje ulowa m'cigwa cotentha ca Chikwawa ndi Nsanje. Kumeneko suthamanganso iai, koma uyenda pang'onopang'ono, nugawikana m'timitsinje tambirimbiri pakati pa bango ndi gumbwa. Malo amenewo achedwa Dambo la Njobvu. Utali wa mtsinje wonse, kufikira pamene uthira m'Zambezi m'dziko la Mozambique, ndiwo monga makilomita 400.

M'kati mwa dambolo muli zisumbu, zina zazikulu, zina zazing'ono, pamene asodzi amanga misasa yao nayanika nsomba. Alendo ocokera kutali amadza kudzaona mbalame za m'menemo. Iwo afika pa dooko la Mchacha James, pafupi ndi Makhanga, napangana ndi mwini bwato kuti awayendetse tsiku limodzi. Anthu a m'midzimo azizwa nao, nati, "Kodi munthu nkutaya ndalama kuti akaone matope ndi udzudzu?" Koma panali mwana wa komweko amene anayenda ulendo wotere, ndipo unamthandiza koposa mankhwala.

Mnyamatayo anali wa Sitandade 5, ndipo kwao kunali pafupi ndi Makhanga. M'mwezi wa Marici 2023 namondwe wochedwa Freddy anagwetsa mvula yoopsa masiku angapo, ndipo anthu mazana ambiri anafa m'cigawo ca kumwera. Madzi anafika m'mudzi mwao usiku. Iye ndi amace ndi mlongo wace anathawira pa culu cacitali, nakhala pamenepo kufikira bwato linadza kudzawatenga. Nyumba yao inagwa, mbuzi zao zinapita ndi madzi, ndi mabuku ace omwe. Atasamukira kumtunda, onse anayamba moyo watsopano, koma mtima wa mnyamatayo unatsalira pa culu paja. Sanafunenso kuyandikira mtsinje. Mvula ikayamba kulira pa malata a sukulu, iye ananjenjemera, osamva kanthu ka mphunzitsi. Cotero amene anali woyamba m'kalasi anasanduka wotsiriza.

Amalume ace, amene anali mphunzitsi ku sukulu ina, anadza kudzaceza pa chuthi ca Ogasiti caka cotsatira. Ataona zimenezi anapita pa dooko, nafunafuna msodzi wodziwa dambo koposa onse. Anthu anawalozera nkhalamba ina imene inabadwira pa cisumbu, nikulira m'bwato. Anapangana mtengo wace, kuti bwatolo linyamule anthu awiri okha, kuyambira mamawa kufikira madzulo.

Amace a mwanayo sanakondwe. Anati, "Acimwene, ndalama zimenezo mukadatigulira cimanga. Mwanayu madzi anampweteka kale; mumtengeranji kumadzi komweko?"

Amalumewo anayankha nati, "Mlongo wanga, mwanayu adzakhala m'cigwa muno moyo wace wonse. Shire sadzasamuka. Ngati samdziwa, adzamuopa kufikira imvi."

Mamawa kutaca anafika pa dooko. Nkhalamba ija inayang'ana mnyamatayo, niona kuti miyendo yace iri kunjenjemera, koma sinamseke. Inangoti, "Mdzukulu wanga, malamulo a bwato langa ndi atatu. Ukhale pansi pakati, usaimirire. Dzanja lisalowe m'madzi, cifukwa ng'ona sicenjeza munthu. Ndipo ukaona kanthu kosakadziwa, ufunse." Pamenepo inakankha bwato ndi nsungwi yaitali, ndipo analowa m'kamtsinje kopapatiza pakati pa bango.

Poyamba mnyamatayo anatsinzina, nagwiritsa m'mphepete mwa bwato. Koma anamva nkhalamba iri kugogoda bwato ndi nkhafi, nafunsa osatsegula maso, "Agogo, mugogoderanji?" Iyo inati, "Ndiri kuodira kwa mvuu. Mvuu ikamva kuti munthu akudza, ipatuka. Koma ukaidzidzimutsa, igubuduza bwato." Mwanayo anatsegula maso kuti aone mvuuyo, ndipo sanatsinzinenso. Anaona namasupuni woyandama, ndi maluwa a nyika otambasuka pamadzi, ndi kambalame ka zala zazitali koyenda pa masamba ace monga munthu ayenda pabwalo. Anaona akakowa oyera, ndi atsekwe, ndi nkhwazi iri pamwamba pa mtengo wouma.

Dzuwa litakwera pang'ono anakoceza pa cisumbu ca migwalangwa. Nkhalamba inati, "Cisumbu ici ciri ndi mbali zinai, ndipo mbali iri yonse iri ndi mau ace. Tiyeni tiyambe kum'mawa."

Ataima pa gombe la kum'mawa anaona mapiri a Thyolo ali ndanda ngati linga. Nkhalamba inafunsa, "Kodi madzi amene anagwetsa nyumba yanu anacokera kuti?" Mnyamatayo anati, "Kumwamba, agogo." Iyo inapukusa mutu niti, "Mvula ya m'cigwa muno ndi yocepa. Madzi aja anatsika uko. Mvula ikagwa ku Thyolo ndi ku Mulanje, mitsinje yambiri ya kumeneko ithamangira kuno. Cifukwa cace munthu wa m'cigwa asayang'ane mtambo wa pamutu pace wokha. Ukaona mapiri awo abisika m'mitambo yakuda masiku awiri kapena atatu, dziwa kuti madzi ali m'njira, ngakhale kuno kuli dzuwa." Amalume anaonjeza kuti kale mapiriwo anali ndi mitengo yambiri yogwira madzi, koma pamene anthu anaidula, madzi atsika msanga, natenga dothi ndi mcenga zimene zikwirira mitsinje.

Kucoka apo anayenda m'mphepete mwa madzi kufikira ku gombe la kumwera. Kumeneko sikunaoneke phiri, koma bango lokhalokha kufikira kumene maso alekeza. Nkhalamba inaloza ndi nkhafi niti, "Uko ndi ku Chiromo, kumene dambo lithera. Madzi onse awa atulukira pa khomo limodzi lopapatiza. Ruo, wocokera ku phiri la Mulanje, atsikira komweko. Ruo akadzala, adza ndi ukali, natseka khomolo, ndipo Shire asowa kopita, nabwerera m'mbuyo. Ukaona madzi a m'kamtsinje aima, kapena zinyalala ziyandama kulowera kumpoto, usadikire kuti kuce. Tenga amako ndi mlongo wako, mupite kumtunda."

Amalume anasimba zimene ziri m'mabuku. Kale sitima za pamadzi zinali kukoceza pa Chiromo, ndipo mu 1908 njanji inatsegulidwa yocokera ku Nsanje, kumene masiku amenewo kunachedwa Port Herald, kupyola pa Chiromo kufikira ku Blantyre. Mu 1997 madzi anagumula mseu ndi njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula, pa malo amene anthu awacha Mtayamoyo. Mu Januwale 2015 Ruo anasefukira, naboola njira yatsopano pafupi ndi Makhanga. Madzi anadzanso mu 2019, mu 2022, ndi mu 2023. Nkhalamba inabvomera ndi mutu, niti, "Zaka sindiziwerenga, aphunzitsi, koma njira zace ndizidziwa. Madzi saiwala khwawa. Pamene anapita kale adzapitanso."

Pamenepo inatsogolera mnyamatayo pa mtengo wina, nimuonetsa udzu wouma wokodwa m'nthambi, pamwamba popitirira mutu wa amalume ace. "Apo ndi pamene madzi ako aja analekeza," inatero. Mwanayo anayang'ana nthawi yaitali. Usiku uja pa culu anayesa kuti madziwo alibe malekezero, kuti adzakwera kufikira atamiza dziko lonse. Tsopano anaona ndi maso ace kuti anali ndi polekezera, ndi kuti mtengowo unali ciimire, wa masamba obiriwira.

Dzuwa liri pamutu anakhala pamthunzi. Asodzi a pamsasa anawagulitsa makakana, ndipo anawaoca pamoto, nadya ndi mbatata zimene amace anawapatsa. Mnyamatayo anadya bwino, nafunsa maina a nsomba zoyanikidwa: milamba, mphende, ndi dowe amene akhoza kukhala moyo m'matope madzi ataphwa.

Atapumula anapita ku gombe la kumadzulo. Kutali kunaoneka utsi wa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, ndi mapiri ena otsika. Mnyamatayo anafunsa, "Agogo, dambo ili ndi la njobvu, nanga njobvuzo ziri kuti?" Nkhalamba inaseka pang'ono niti, "Ine ndakalamba muno, koma sindinaonemo ngakhale imodzi." Amalume anati, "Mu 1859 David Livingstone anakwera mtsinje uno pa sitima yochedwa Ma Robert, ndipo analemba kuti anaona njobvu monga 800 m'dambo lino. Pambuyo pace anadza alenje a mfuti ofuna minyanga, nazitha zonse. Latsala ndi dzina lokha. Ngakhale ku nkhalango ya Majete, pafupi ndi Kapichira, zinatha. Zimene ziri kumeneko tsopano anacita kuzitenga kwina, kuyambira mu 2006."

Nkhalamba inakhala cete, kenaka inati, "Nsombanso zikhoza kutsala dzina lokha. Pali ena akokera ndi masikito a udzudzu, nagwira ndi tiana tomwe. Amene adya mbeu adzabzala ciani?" Amalume anauza mwanayo kuti mu 2017 dambolo, la mahekitala oposa 60,000, linalembedwa m'pangano la maiko losunga madambo, lochedwa Ramsar, monga inalembedwa Nyanja ya Chilwa kale. Koma anati pangano la pa pepala silisunga nsomba ngati eni dambo sazisunga.

Potsiriza anafika ku gombe la kumpoto, kumene madzi acokera. Kumeneko madzi anali ataphwa, nasiya dothi lakuda lonyowa, ndipo anthu anali kulima madimba. Cimanga cinali cobiriwira, mbatata zinayanga, nyemba ndi maungu zinali kukula, ngakhale mvula inaleka miyezi yambiri yapitayo, ndi kumtunda konse kunali pfumbi. Akazi ena anali m'madzi a m'maondo kuzula nyika, imene ipulumutsa anthu a m'cigwa m'zaka za njala.

Nkhalamba inati, "Taona, mdzukulu wanga. Dothi ili analibweretsa ndi madzi omwe aja. Nsomba zimene wadya zinaswana m'madzi osefukira. Dambo ili limwa madzi ambiri nthawi ya dzinja, niliwabweza pang'onopang'ono m'cilimwe. Likadapanda kukhalapo, a ku Nsanje akadaona zoopsa zoposa. Shire ali ngati mfumu: adyetsa anthu ace, koma wogona pa njira yace amponda. Mlime kuno, muphe nsomba kuno, koma nyumba mumange kumtunda."

Dzuwa litapendeka anabwerera. Mnyamatayo anakhala maso, nazindikira yekha pamene anakhotera mamawa, ndipo pofika pa malo a mvuu anapempha nkhafi, nagogoda bwato ndi dzanja lace. Pa dooko amalume anapereka ndalama monga anapangana, ndipo mwanayo anaomba m'manja nati, "Zikomo, agogo, mwandionetsa kwathu."

Mantha ace sanathe tsiku lomwelo iai. Mvula yoyamba itagwa, mtima unagundanso. Koma tsopano anadziwa coyenera kucita. Mamawa ali onse anayang'ana mapiri a Thyolo. Anazika ndodo m'mphepete mwa khwawa, nalemba mizere, kuti aone ngati madzi akwera. Madzulo anachera khutu ku wailesi kumva za nyengo. Anauza amace njira imene adzayendamo ngati madzi adza usiku, ndi kumene adzamangirira mbuzi. Ndipo popeza mtima unakhazikika, mau a mphunzitsi anayambanso kulowa m'makutu mwace. Amace sanachulenso za ndalama zija.

Alendo alipira kuti munthu wodziwa awaonetse dambo tsiku limodzi, pakuti adziwa kuti maso okha sakwanira. Ana a m'cigwa ali nao anthu otere m'midzi mwao momwe, ndipo safuna malipiro, koma ulemu ndi khutu lakumva. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tsono inu ana a sukulu, wina wa inu ali yense apite kwa agogo ace kapena kwa msodzi wokalamba, nafunse zinthu zitatu: madzi anapita pati kale, analekeza pati, ndi malo okwera othawirako ali kuti. Zimene mudzamva muzilembe m'buku, ndipo bukulo mulisunge pamwamba, posafika madzi.