Chifundo cha abwana chimapita nawo akasamuka

Abale anga a kwa Malemia, Songani, Domasi mpaka ku Malosa, makamaka inu atsikana amene mumandifunsa za ntchito za m'mahotela kuno ku Joni, lero ndikuyankhani nonse pamodzi. Nkhaniyi ndi yaitali, amene bandulo yatha mudzamaliza mawa.

Ndimayang'anira anthu okonza zipinda pa hotela ina ku Cape Town. Ndisanabwere kuno ndinagwirako pa loji ina ku Zomba, kenako ina kunyanja ku Mangochi. Konseko amene ankalemba anthu ntchito, kukonza mashifiti ndi kumva milandu yathu anali amayi. Eni mahotela amakonda kuika amayi mu ofesi ya HR, ati chifukwa amadziwa kutonthoza. Ine maganizo amenewo sindigwirizana nawo. Kutonthoza aliyense amatha. Munthu angathe kukupukuta misozi kalata yokuchotsa ntchito ali atasaina kale.

Ndiyambe ndi kwathu, ndipo ndisanyoze. Mayi amene ankatiyang'anira ku Zomba anali ndi mtima wabwino zedi. Maliro akagwa, galimoto ya pa loji inkanyamuka ndi thumba la ufa, nkhuni ndi anzako anayi kapena asanu okakhala nawe pasiwa. Chipepeso chinkaperekedwa poyera. Palibe ankakufunsa kalata ya kuchipatala yotsimikiza kuti munthu wamwaliradi. Kuno zotere simungazione.

Vuto linali lakuti zonsezi zinali m'mutu mwa mayiwo. Amene ankagwirizana nawo ankakhala kumaliro sabata yathunthu. Amene anayankhapo mokweza mawu mwezi wathawo ankapatsidwa masiku awiri, lachitatu n'kumudula malipiro. Ndipo mayiwo atapeza ntchito ina ku Lilongwe, galimoto ya maliro inatha, ufa unatha, chifukwa panalibe pamene zinalembedwa. Ambiri a ife tinalibenso kontirakiti. Munthu zaka zikupita akuchapa ndi kusita nsalu za pabedi, koma m'buku akadali waganyu.

Malamulo kwathu alipo, musanamizidwe. Lamulo la zantchito la 2000 limati mayi woyembekezera apume masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka. Lamulo la penshoni la 2011 linalamula kuti olemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Ofesi ya leba ku Zomba ilipo, khoti la Industrial Relations Court liliponso. Koma tandiuzani, mungakasumire bwanji abwana amene anakugulirani bokosi la mayi anu? Apa ndi pamene pagona nkhani. Chifundo chosalembedwa chimasanduka ngongole, ndipo wangongole sayankhula. Ovataimu ya miyezi ingapo umangoimeza, n'kumati anandithandiza pa maliro aja. Achibale ako omwe amakuletsa: usatichititse manyazi, mayi aja ndi munthu.

Kuno ndi dziko la pepala. Mwezi uliwonse umalandira pepala losonyeza maola ako, ovataimu ndi zimene adula. Asanakuchotse pamayenera kukhala chifukwa chomveka, ndipo amve kaye mbali yako. Akakuchotsa mopanda chilungamo uli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe limene linabwera ndi lamulo la 1995, ndipo sulipira kanthu. Mu 2008 khoti la zantchito linagamula kuti ngakhale mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chinatha ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo. Amalawi ambiri kuno sadziwa zimenezi, amangonyamula chikwama n'kumapita.

Komatu pepala silidziwa maliro. Lamulo la kuno limapereka masiku atatu okha pa chaka a zovuta za m'banja, ndipo limatchula anthu ake: mwamuna kapena mkazi wako, kholo, agogo, mwana, mdzukulu, m'bale wako wobadwa naye. Amalume mulibemo. Tangoganizani ife a ku Domasi, kumene amalume ndiwo eni mbumba, amene ena a ife anatilipirira fizi ndi kutiimira pa ukwati, lamulo likuwaona ngati munthu wapadera. Nanga masiku atatuwo? Kuchoka ku Cape Town kukafika ku Johannesburg, kukwera basi ina kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka ku Mwanza, masikuwo athera m'basi usanaone ndi phiri la Zomba lomwe. Kwa anzathu achisilamu maliro amaikidwa mwamsanga, ndiye chimene munthu amafuna n'kukapezekako pa sadaka. Pa fomu palibe malo a sadaka.

Tsopano ndikuuzeni za mayi amene ndimamutcha mtsogoleri. Ndi Mxhosa wa ku Eastern Cape, wamkulu wa HR pa hotela yathu, ndipo nayenso kwawo ndi ulendo wa usiku wonse. Mnyamata wina wa m'khitchini wa ku Machinga amalume ake atamwalira, mayiyu akanatha kungomunong'oneza kuti pita, ndikubisa. Sanatero. Anamulola kupita, kenako anakakhala pansi ndi mabwana anzake mpaka anagwirizana mfundo yatsopano. Aliyense polembedwa ntchito amatchula akuluakulu awiri amene anamulera, kaya ndi amalume, azakhali kapena mayi aang'ono, ndipo iwowa akamwalira amawerengedwa ngati makolo. Wochokera kunja kwa dziko amawonjezeredwa masiku a panjira. Masiku a panjirawo salipidwa, inde, koma ntchito umaipeza. Mfundoyo anaimata pa bolodi la m'kantini. Mzimbabwe, Mkongo, Mmalawi, mwini dziko, tonse chimodzimodzi. Mayiyu ngakhale atachoka mawa, pepala lija litsala pakhoma.

Si munthu wa nsangala kwenikweni. Moni wake ndi waufupi, ndipo ukachedwa kawiri chenjezo lolemba limabwera osaphonya. Nditabwera kuchokera kutchuthi ndinamutengera mpunga wa Kilombero ndi botolo la Nali, mwaulemu wakwathu. Anathokoza, n'kuuza a m'khitchini kuti aphikire antchito onse nkhomaliro. Sanafune kuti tsiku lina ndikadzalakwa pakhale mpunga pakati pathu. Polemba ntchito ndi chimodzimodzi: m'bale wako umubweretse, koma akaime pamzere ndi anzake, ayale bedi anthu akuona.

Musaganize kuti kuno ndi kumwamba. Mahotela ambiri amatenga okonza zipinda kudzera kwa makontirakitala kuti azembe zonsezi. M'malesitilanti ena mawetala amadalira matipu okha, chonsecho lamulo la malipiro otsikitsitsa linayamba pa 1 Januwale 2019 pa R20 pa ola. Tchuthi cha uchembere ndi miyezi inayi, koma lamulo silikakamiza bwana kukulipira, umakatenga gawo chabe ku thumba la inshuwaransi ya antchito la UIF. Pamenepa kwathu tikuposa. Ndipo dziko litatsekedwa pa 27 Malichi 2020 chifukwa cha Covid, oyamba kugona ndi njala anali alendo opanda mapepala.

Pali nkhani ina imene sitiikamba kwathu. Mtsikana wokonza chipinda amakhala yekha ndi mlendo wamwamuna kuseri kwa chitseko. Ku Mangochi mnzathu atadandaula za mlendo, anauzidwa ndi mayi mnzake kuti azivala zazitali, alendo sitikangana nawo. Kuno lamulo la mayi wa HR uja ndi lakuti chitseko chikhale chotsegula, ngolo ya zotsukira itsekereze pakhomo, ndipo mlendo akakhala m'chipinda muzilowa awiri. Mlendo wina atagwira mtsikana wathu, anatulutsidwa tsiku lomwelo, dzina lake n'kulembedwa kuti asadzalandiridwenso.

Chimandiwawa n'chakuti ife a kwa Malemia tinayenera kukhala patsogolo pa zimenezi. Mayi Joyce Banda anabadwira kwathu komweko mu 1950. Anayambitsa bungwe la amayi a bizinesi la NABW, anakhala mtsogoleri wa dziko mu Epulo 2012, ndipo mu 2013, iwo ali pampando, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Gender Equality Act. Kaya ndale zawo mumazikonda kaya ayi, zimenezo n'zanu. Lamulolo limaletsa kuvutitsa munthu pofuna kugona naye, ndipo limafuna kuti malo a ntchito akhale ndi ndondomeko yodandaulira. Papita zaka zoposa khumi. Pitani pa malo ogona alendo a mumsewu wa Zomba kupita ku Liwonde, mufunse wantchito kuti akadandaule kwa ndani, mumve yankho lake.

Inu amene mwamaliza ku Malawi Institute of Tourism, kapena mukungofuna kuyamba ndi tsache, poyankha mafunso a ntchito nanunso funsani anu. Kontirakiti ndisaina liti? Penshoni yanga mukaika kuti? Maliro akandigwera ndipita masiku angati, ndipo zalembedwa pati? Akakuyankhani kuti musadandaule, pano timakhala ngati banja, pemphani mwaulemu kuti akuonetseni pepala. Ndipo amayi anzanga amene muli ndi maloji ku Zomba ndi ku Liwonde, amene mukufuna mfundo ya maliro ija ndiuzeni, ndinaijambula pa foni, ndikutumizirani pa WhatsApp.