Masamba athu amafuna moto

Ndimaphikira anthu pamsika wa Chikweo, m'kanyumba ka mabenchi awiri, mafuwa ali kuseri. Odya kwa ine ndi akabaza, ogula mpunga ndi nandolo, komanso asodzi a kunyanja ya Chiuta akatopa ndi kudziphikira okha. Za chakudya chosaphika ndinazimva kwa mwana wa mlongo wanga, amene anakatsukako mbale ku Cape Town monga achitira anyamata ambiri a kuno ku Machinga. Pamalo pamene ankagwirapo ntchito sipalowa nyama, nsomba, dzira kapena mkaka, ndipo sakolezapo moto. Lamulo lawo ndi loti chakudya chisatenthe kupitirira madigiri 48, poti amati moto umapha zofunika m'thupi. Amangodula, kupera pamakina, kunyika mbewu kuti zimere, n'kuumitsa zina pang'onopang'ono. "Azakhali," anatero, "anthu amatulutsa ndalama zambiri pambale ya masamba aawisi. Bwanji osayesako kuno?"

Zopanda nyamazo si zachilendo kwa ine. Mphika umene umayamba kutha ndi wa nkhwani wotendera. Nkhwani ndimagula m'mamawa mame asanaume, ndipo ndimasankha masamba anthete a kunsonga. Ndimasadzula tsamba lililonse, kuchotsa mitsitsi ya kuphesi, chifukwa ukachita ulesi pamenepa kasitomala amalavula ulusi. Madzi ndimaika ochepa, awire kaye, kenaka masamba, mchere, matimati ndi kadontho ka chidulo. Nsinjiro ndimathira pamwamba osatakasa, ndivundikire mpaka nthunzi iilowe, ndiye nditakase ndi mthiko. Ukafulumira kuphula, nsinjiro imamveka chiwisi ndipo mimba imakudandaula madzulo. Chitambe, kholowa, bonongwe ndi therere zili ndi kaphikidwe kakekake, koma zonse n'zopanda kanthu ka chinyama.

Masamba ali ndi ubwino wina kuno kwathu kumene ambiri ndi Asilamu. Ndikaphika mbuzi kapena nkhuku, munthu asanakhale pansi amayamba wafunsa kuti, "Mayi, wazinga ndani?" Pa nyemba ndi nkhwani funso limenelo kulibe. Mwezi wa Ramadani ukafika, masana malonda amazizira, koma dzuwa likamapendeka ndimatereka futali wa chinangwa kapena mbatata wothira nsinjiro, ndipo satsala.

Povuta ndi pa moto. Zomera zambiri zimene zimatisunga kuno zili ndi ukali umene umachoka ndi madzi ndi moto basi. Chigwada, masamba a chinangwa aja, ali ndi poizoni. Uyenera kuwasinja mumtondo mpaka afewe, n'kuwawiritsa nthawi yaitali. Chinangwa chowawa nacho chimodzimodzi: kusenda, kuviika masiku angapo, kuyanika, ndiye kusinja kondowole. Chotsekemera ngati manyokola ndicho timatafuna chachiwisi, ndipo wophika ayenera kudziwa kusiyanitsa, pakuti m'chaka cha njala ana amadwala ndi chinangwa chowawa chokonzedwa mwaphuma. Kalongonda ndiye osanena. Umawiritsa, kutaya madzi akudawo, kusenda makoko, kuwiritsanso, tsiku lonse nkhuni zikutha. Ukadumpha pamodzi, wodyayo amachita chizungulire ndi kusanza. Ngakhale nyemba wamba zosapsa zimapotokola m'mimba. Mnyamata uja ankati mfutso wathu ndi wofanana ndi zoumitsa za ku Cape Town, koma anaiwala kuti chitambe timayamba tachifutsa m'madzi otentha tisanachiyanike pamphasa. Masamba oyanika osafutsa amafumbutuka ndipo sachedwa kutaya kukoma.

Sindikunena kuti anthu a zosaphikawo alibe mfundo. Masamba ukawaphika mpaka kuda bii, madzi n'kutaya, watayadi zabwino, ndipo ophika anzanga ena amachulutsa soda kuti ndiwo zipse msanga, zimene zimaononga mavitamini. Komanso zaziwisi timadya ndithu: mango, nkhaka, nzimbe, bwemba, malambe, mtedza wongokumba kumene. Kungoti zimenezi munthu amagula pamulu panja, n'kumadya akuyenda. Wakabaza amene wapalasa matumba a mpunga kuchokera kudambo sangakhale pabenchi langa kulipira nkhaka yodula. Akufuna nsima yotentha yoti aumbe m'manja, ndipo ngati m'thumba muli kanthu, pambali pakhale matemba kapena mlamba wowamba. Masamba okhaokha amaitanitsa chapansipansi, ngati munthu wopempha ngongole, pamene ine ndikudziwa kuti mphika umenewo ndiwo wandidyera nthawi kuposa wa nsomba.

Chachiwisi chimodzi chokha chimene ndimaika pambale ndi saladi wa kabichi, matimati ndi anyezi, woperekeza mpunga kapena tchipisi. Amaoneka wophweka, koma ndiye amandidetsa nkhawa kuposa zonse. Kolera amene anavuta dziko lino anayambira m'boma lathu lomwe lino la Machinga mu Malichi 2022, mvula ya namondwe itagwetsa zimbudzi ndi kuipitsa zitsime, ndipo pofika pakati pa 2023 anali atapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Nthawi yonseyo saladi ndinamuleka. Ena ankanyinyirika kuti ndikuumira kabichi, ine osasintha. Nsima ndi ndiwo zochoka pamoto zimadziteteza zokha. Kabichi wothiriridwa madzi a m'dimba alibe chomuteteza kupatula manja a wophika.

Pano ndinamuyambiranso, koma ndi malamulo anga. Madzi otsukira ndi a pamjigo, othira kolorini monga amatiphunzitsira alangizi a zaumoyo. Mpeni ndi thabwa la saladi sizikhudza nsomba. Masamba akunja a kabichi ndimapatsa mbuzi, am'katiwo ndimadula mopyapyala, n'kufinyira ndimu ndi mchere, kambuzi pambali kwa womufuna. Furiji ndilibe, ndipo kutentha kwa kuno mu Okutobala kumafooketsa saladi ola lisanathe, ntchentche za pamsika wa nsomba zili tcheru. Choncho ndimadula wongokwana anthu amene akhala pabenchi nthawi imeneyo. Wobwera dzuwa litapendeka amapeza saladi kulibe, ndipo ndimamuwonjezera chipande cha nkhwani pamtengo womwewo.