Ku Tete Tinalipirira Mimba, Thumba Ayi

Abale anga owerenga tsamba lino, amene munapitako ku Tete mukudziwa kuti ulendo wochokera ku Ulongwe ndi wotsetsereka. Timanyamuka m'mamawa titavala majuzi, koma pofika pa mphambano ya Mussacama, pomwe msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zobue, juzi imakhala itayamba kulemera. Minda ya mbatatesi ndi mitengo ya mapichesi zimatsalira m'mbuyo, kutsogolo kumayamba milambe ndi masau. Ndinayenda ulendo umenewu mu Okutobala 2022 pamodzi ndi alimi anzanga, tonse tinalipo 12, titaitanidwa ku msonkhano wa masiku awiri wa magulu a alimi. Za msonkhanowo ndidzakamba tsiku lina. Lero ndikufuna tikambirane zomwe ndinaona pa nthawi ya nkhomaliro.

Titadutsa Moatize ndi fumbi lake lakuda, tinawoloka Revubue, kenaka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, uja unamalizidwa mu 1973 Apwitikizi asanachoke. Kuyambira mu 2011, pamene malasha a ku Moatize anayamba kupita kunja pa sitima, alendo anachuluka mu Tete ndipo mahotela atsopano anamangidwa. Msonkhano wathu unali mu imodzi mwa mahotela otere. Panja dzuwa linali loswa mtengo, mkati munali mphepo yozizira ya makina ngati Juni wa kwathu.

Nthawi ya chakudya itakwana, anatilowetsa m'chipinda momwe munali tebulo lalitali lodzaza ndi miphika yachitsulo yovundikira. Munali mpunga, nsima, nyemba, nkhuku yootcha, nyama ya mbuzi yotchuka ija ya ku Tete, nsomba ya pende, ndi tchipisi zomwe mwina zinachokera m'minda yathu yomwe. Kadyedwe kameneka amakatcha bufe. Palibe wokugawira. Umatenga mbale, kudzitapira wekha, ndipo ukafuna umabwererako kachiwiri ngakhale kachitatu. Mtengo ndi umodzi pa munthu aliyense, ndipo ife anatilipirira ndi amene anatiitana. Lamulo lake ndi limodzi, ngakhale kuti palibe anatiuza polowa: zonse uzidyera pomwepo.

Pafupi ndi ine panakhala amayi ena achikulire a ku Domwe. Anadya nsima pang'ono ndi nsomba, kenaka anabwereranso ku tebulo lija, natenga ntchafu zinayi za nkhuku. Atakhala pansi anatulutsa jumbo m'kapulana, nayamba kutsetserezamo ntchafuzo imodziimodzi. Mnyamata woperekera zakumwa anawaona. Mwamwayi anali mwana wa ku Tsangano, ndipo anali atamva kale mayankhulidwe athu. Anafika pafupi, nagwada ngati akutola kanthu, nanena motsitsa mawu:

"Pepani amayi, kuno chakudya salola kutuluka nacho."

"Kodi ndalakwa, mwananga? Paja anati tidye mmene tingathere. Ine mano anatha kale. Gawo langa ndikufuna ndikapatse adzukulu, sanalaweko nkhuku yophika chonchi."

"Ndamva, amayi. Agogo anganso akanachita chimodzimodzi. Koma analipirira mimba yanu, thumba ayi. Akulu anga akaona, afunsa ine kuti ndinali kuti."

Amayiwo anabweza ntchafuzo m'mbale mwakachetechete, manyazi atawagwira. Anyamata awiri a tebulo lina anaseka. Ine sindinaseke, ndipo ndikupempha kuti inunso musaseke.

Kwathu kuno kunyamula chakudya pa phwando si kuba. Pa ukwati, pa sadaka, ngakhale pa chinkhoswe, mayi woyamwitsa kapena wosiya odwala kunyumba amapatsidwa kambale koti akagawe. Mlendo pobwerera timamumangira kamba wa pa ulendo. Mkute sititaya, ana amafisulira m'mawa. Ndiponso a msinkhu wa amayi aja anaona chilala cha 1992, ambiri ali ku Dedza ndi ku Ntcheu kothawa nkhondo, akudikira pa mzere ufa ndi nyemba zoyezedwa. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala chaka chomwecho, anthu n'kuyamba kubwerera m'midzi yomwe inali itasanduka tchire. Munthu wodutsa m'zimenezo akaona nyama yambiri chotero, maganizo ake amathamangira kwa ana amene atsala kunyumba. Mtima umenewo ndi wabwino.

Komabe mnyamata uja sananame. Pa phwando la kumudzi, mwini wake ndiye amakuikira chakudya m'manja, aliyense akuona. Chimenecho ndi mphatso. Pa hotela mwini wake akugulitsa, ndipo mtengo amauwerengera podziwa kuti wina adya zambiri, wina pang'ono, koma aliyense akakhuta aleka. Mimba ili ndi malire, thumba lilibe. Tikanati tonse 12 tinyamule ntchafu zinayi aliyense, zikanakhala ntchafu 48, ndiye kuti nkhuku 24. Anthu a kumapeto kwa mzere akanapeza msuzi wokhawokha, ndipo wokalipiridwa akanakhala mwana wa ku Tsangano uja, amene ntchito yakeyo ikudyetsa abale ake kumudzi. Munthu akafika pobisa chinthu pansi pa tebulo, mtima wake wamuuza kale kuti sanapatsidwe.

Palinso nkhani ya matenda. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, OMS, limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola 2. Chizikhala chotentha kuposa madigiri 60, kapena mu firiji pansi pa madigiri 5. N'chifukwa chake miphika ya pa bufe imakhala ndi kamoto pansi. Tsono taganizani nkhuku yomangidwa mu jumbo, m'mwezi womwe kutentha kwa Tete kumapitirira madigiri 40, igone usiku m'chikwama, mawa lake iyende maola angapo mu shapa yodzaza. Pofika ku Domwe agogo akanapatsa adzukulu awo kutsegula m'mimba, iwo akuyesa awapatsa mphatso. Mpunga wophika nawonso suchedwa kuonongeka chotero.

Koma kunena zoona, chomwe chinandichititsa manyazi kwambiri tsiku limenelo ndi mbale za anyamata oseka aja. Anaunjika mpunga, nsima, mbuzi, nsomba ndi keke m'mbale imodzi ngati chulu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anadya theka, zotsalazo n'kupita kudzala, chifukwa chakudya chomwe chakhudzidwa m'mbale ya munthu sangachipatsenso wina. Palibe anawadzudzula popeza sanaswe lamulo la hotela. Koma ife alimi tikudziwa thukuta lomwe limalowa m'thumba limodzi la chimanga, ndipo kwa ine iwowa ndi amene analakwira chakudya koposa amayi aja.

Madzulo ndinapita kwa mayi amene ankayendetsa msonkhano, ndinawafotokozera zonse osatchula munthu. Iwo anakayankhula ndi mkulu wa hotelayo. Yankho linali lakuti nyama ndi mpunga sangalole, koma buledi, mabisiketi ndi zipatso zotsala pa tiyi wa msonkhano wathu tingathe kugawana, popeza zinaitanitsidwira gulu lathu lokha. Tsiku lomaliza mnyamata yemwe uja anabwera ndi timapepala, aliyense n'kulandira kake poyera. Pofika pa amayi a ku Domwe anapereka ndi manja awiri, nati, "Aka n'ka adzukulu, amayi." Iwo anawomba m'manja, nati, "Zikomo mwananga, ukalonjere kwanu."

Tsono abale, misonkhano yotere ikuchuluka, ndipo mawa adzaitanidwa ndinu. Mukadzafika pa tebulo lotere, tapani pang'ono, mukapanda kukhuta mubwererenso, palibe adzakuwerengereni maulendo. Kumbukirani amene ali kumbuyo kwanu pa mzere. Ngati mtima ukuwawa chifukwa cha ana, funsani poyera kwa amene wakuitanani. Akalola landirani, akakana musadandaule. Ndipo woona mnzake akulakwitsa amuuze pambali monga anachitira mwana wa ku Tsangano.

Tisanakwere shapa yobwerera tinadzera pa msika wa Kwachena. Amayi aja anamasula mfundo ya kapulana, nagula nsomba ziwiri zouma za chicoa ndi kathumba ka malambe. Zimenezo zinayenda bwino pa dzuwa lonse lija mpaka kukafika ku Domwe.