Za Munthu Amene Anadya Nsapato Yache

Tifuna kukufotokozerani chimene chinaoneka kwathu kuno kwa Kanyenda pa Khrisimasi yapitayi, pakuti chinautsa mkangano pakati pa ife ndi mkuru wina wa mpingo, ndipo tiyesa kuti nkhaniyi ikhudza mipingo inanso.

Mnyamata wina amene tinamphunzitsa kale, amene tsopano agwira nchito ku Lilongwe, anadza kudzadya Khrisimasi kwao, natenga makina oonetsera kanema. Anatipempha chipinda cha sukulu, ndipo tinamlola. Madzulo ache anakoloweka nsalu yoyera pakhoma, ndipo anthu anadzala m'chipindamo kufikira m'mazenera.

Kanemayo dzina lache The Gold Rush, ndiye wakale ndithu, wa chaka cha 1925. Mwini wache ndiye Charlie Chaplin, Mngelezi wobadwira ku London m'chaka cha 1889. Iyeyu sanafune kulamulidwa ndi eni chuma a makampani akuru, ndipo m'chaka cha 1919 anapangana ndi anzache atatu kukhazika kampani yaoyao ya United Artists. Potero nkhaniyo anaipeka yekha, natsogolera osewera yekha, nasewera yekha mbali ya munthu wa nkhaniyo. M'kanemamo simumveka mau a pakamwa. Zonse zinenedwa ndi nkhope, manja ndi mayendedwe. Chifukwa chache agogo osadziwa Chingelezi anamva nkhani yonse monga momwe tinaimvera ife aphunzitsi.

Nkhani yache ndi iyi. Kamunthu kosauka, kovala buluku lalikuru ndi chipewa chaching'ono, kamuka ku Alaska, dziko lozizira koopsya, kukafuna golidi. Mphepo ya chisanu ikatsekera m'kanyumba pamodzi ndi chimunthu chachikuru dzina lache Big Jim, ndipo chakudya chiwathera. Pofika tsiku la chiyamiko, limene Aamerika alisunga m'mwezi wa Novembala, kamunthuko kavula nsapato imodzi, nikaiphika mumphika, nikaipakula m'mbale mwaulemu wonse monga nyama ya alendo. Mnzacheyo alanda chikopa chofewa, namsiyira chapansi cha misomali. Koma iye osadandaula, adya zingwe zache mokondwa, nayamwa misomali monga ife tiyamwa minga ya chambo. Apo anthu anaseka kufikira misozi, ndi ife tomwe tinaseka.

M'mawa mwache mkuru uja anatipeza pakhonde. Anati, "Aphunzitsi, mwalakwa. Njala si chinthu choseketsa. Atate athu anatiuza za njala ya 1949, ndipo ya 2002 tinaiona ndi maso athu, anthu alikudya gaga ndi mizu ya nthochi. Inu mwasonkhanitsa ana pa tsiku lopatulika kuti aseke waumphawi." Tinati, "Bambo, tamva. Mutipatse masiku tilingalire." Pakuti mau ache anatilasa mtima, ndipo yankho tinalibe.

Masiku atatu tinadzifunsa: kodi tinaseka chiani? Pang'onopang'ono tinazindikira kuti sitinaseke njala, koma tinakondwera ndi munthu amene njala inalephera kumlanda ulemu wache. Tinamdziwa munthuyo, pakuti ali m'nyumba zathu. Khrisimasi kuno itipeza nkhokwe ziri pafupi kutha, ndipo si onse apeza mpunga ndi nkhuku. Ndani sanaone mai alikupakula kondowole ndi chigwada chopanda mafuta, nasambitsa alendo m'manja, nagwada, nati adye, monga kuti waphika mbuzi? Chaplin sanaphunzire zimenezi m'buku. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri analowetsedwa m'nyumba yosungiramo amphawi ku London, amache atasowa chowadyetsa iye ndi mbale wache. Wosewera amene anagonapo ndi njala adziwa pamene ayenera kulekeza.

Anzache osewera nao anagwiranso nchito yao bwino. Mack Swain, amene anali Big Jim, anaonetsa ndi maso okha m'mene njala isokonezera mutu, kufikira anaona bwenzi lache lasanduka nkhuku yaikuru, nayamba kulithamangitsa kuti alidye. Ana anakuwa ndi chiseko. Koma akuru anadziwa kuti m'chaka cha njala mbale aiwala mbale wache, ndipo chiphunzitso chimene ife tikadachinena ndi mau ambiri iye anachinena osatsegula pakamwa.

Koma chimene chinatipatsa yankho ndicho chigawo cha Nyuwere. Kamunthu kaja kaitana namwali Georgia ndi anzache kuti adzadye nako usiku wotsiriza wa chaka. Kagwira ganyu yokumba chipale chofewa pamakomo a anthu kuti kapeze ndalama, nikakonza gome, nikaika timphatso pa malo a mlendo ali yense. Alendowo safika. Kagona pagomepo, nikalota kuti afika, ndipo kalikuwasangalatsa ndi timikate tiwiri tobaya pa mafoloko, tovina monga mapazi a munthu. Podzuka kapeza mipando iri yokha, phokoso la madyerero lirikumveka kutali. Pamenepo m'chipinda mwathu munati zii. Pambuyo pache namwaliyo, amene anali Georgia Hale, adza ndi anzache kuti achite nako chipongwe, napeza gome lokonzeka, mwini wache palibe. Ndipo manyazi amene anagwa pankhope yache ana omwe anawaona.

Pafupi ndi ife panakhala agogo ena, amene amuna ao anamuka ndi Wenela ku migodi ya golidi ya ku Joni, nakhala mchona wosabwerera. Anapukuta maso ndi nsalu yao, natinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, munthuyu ndamdziwa. Inenso ndinaphika chaka ndi chaka." Agogo omwewo ndiwo anaseka koposa onse pa nkhani ya nsapato.

Tsono tinamuka kwa mkuru uja, ndi kumuuza zonsezi. Tinavomerezana naye kuti kuseka koipa kulipo: kuja kwa anyamata otsanzira wopunduka panjira, oiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Kumeneko ndiko chitonzo, ndipo sikuyenera Mkristu. Koma tinamkumbutsa kuti dzina la Isake mwana wa Sara litanthauza kuseka, ndi kuti dziko lathu lomwe linali nao Izeki ndi Jakobo, ndiwo John Nyanga amene anamwalira m'chaka cha 2016 ndi Eric Mabedi amene anamwalira m'chaka cha 2021, amene anatiseketsa zaka zambiri potionetsa kupusa kwathu komwe. Muyeso umene ife taupeza ndi uwu: ukatha kuseka, yang'ana mtima wako. Ngati wauma pa munthu amene unamseka, wachimwa. Ngati wafewa pa iye, wosewerayo wakuchitira zabwino.

Mkuruyo sanagonje konse. Anati kanema asaonetsedwenso pa tsiku lenileni la Khrisimasi, ndipo ife tinalola, pakuti mtendere wa mumpingo uposa kupambana kwa mphunzitsi. Koma pofika Nyuwere tinaona mdzukulu wache alikutsogolera agogo aja kunka kunyumba kwa mkuruyo, kumene mpunga unali pamoto.

Chifukwa chache, abale, pokonza masewero a ana ndi madyerero a chaka chino, musaope chiseko, koma muchiyese. Ndipo musanapakule, yambani mwafunsa m'mudzi mwanu ngati alipo wina amene wakonza mbale ziwiri, nadya yekha.