Si chigamba chilichonse m'mutu chomwe ndi chipere

Mwana akatuluka chigamba m'mutu, aliyense ku Zóbuè amadziwa dzina lake: chipere. Kawirikawiri salakwitsa, pakuti chipere cha m'mutu ndi nthenda ya ana, ndipo mapiritsi a griseofulvin amachithetsa pakatha masabata angapo. Zinthu zimasokonekera dzina lomweli likaperekedwa kwa munthu wamkulu.

Mayi wina wogulitsa tomato pafupi ndi chipata cha m'malire anatha zaka ziwiri akudzola mankhwala a chipere. Zinayamba ndi kachigamba kakuda paliwombo, kofunduka, kosayabwa kwenikweni. Womuluka tsitsi anati ndi kukoka kwa malukidwe. Apongozi ake anali ndi ganizo lawo. "Apongozi," iwo anatero, "tsitsi lometa salitaya poyera. Alipo amene anatola lanu." Sing'anga anamutema mphini, nkhuku inapita, koma chigamba chinabala zinzake. Mayiyo anayamba kumanga mpango ngakhale pogona.

Chimene chinamutengera kuchipatala china ku Moatize, kumene kumakhala mchemwali wake, sichinali tsitsi ayi, koma mapazi otupa ndi zala zopweteka m'mawa uliwonse. Dokotala atamva zimenezi anati, "Mayi, tamasulani mpangowo." Tsitsi sanalisamale. Anayang'ana khungu, nasuzumiranso m'makutu ndi m'kamwa.

Apa ndiye pagona nkhani. Chipere chimathyola tsitsi n'kusiya tizitsa. Pali nthenda ina, alopecia areata, imene imasiya chigamba chozungulira, chosalala ngati pachikhatho, koma timabowo totulukira tsitsi timaonekabe ndipo nthawi zambiri tsitsilo limameranso. Kukoka kwa malukidwe kumadya tsitsi la pamphumi ndi pamwamba pa makutu. Chindoko chimalisiya ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete. Pamutu pa mayiyu panalibe chilichonse mwa izi. Pakati pa chigamba panali potuwa, ponyezimira, timabowo titatsekeka, m'mphepete muli bii. Chimenecho ndi chipsera, ndipo pa chipsera tsitsi silimeranso.

Nthendayi dzina lake ndi lupus, mawu a Chilatini otanthauza mmbulu. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo, amatembenukira mwini wake. Pa odwala 10 aliwonse pafupifupi 9 ndi akazi, makamaka a zaka 15 mpaka 45, ndipo imavuta kwambiri anthu akuda. Siipatsirana, kaya pachipeso, kaya pamphasa. Kwa ena imangokhala pakhungu. Zipsera za m'masaya mwa woimba wa ku Britain, Seal, n'za mtundu umenewu. Kwa ena imalowa m'mfundo za mafupa, m'magazi mpaka mu impso, monga zinachitikira Selena Gomez wa ku America amene anamuika impso ina m'chaka cha 2017.

N'chifukwa chake dokotalayo anafunsa mafunso omwe mayiyo anaona ngati osakhudza mutu wake. Kodi dzuwa likawomba khungu limatuluka zidzolo? Zilonda za m'kamwa zimabwera? Mkodzo umachita thovu? Munapitako padera? Funso lomalizali linamugwetsa misozi, pakuti mimba ziwiri zinali zitachoka ndipo kumudzi anali atazipezera kale mwini wake.

Anamuyeza HIV, chindoko, malungo ndi kuchuluka kwa magazi, popeza nthenda zofala ziyenera kuchotsedwa kaye panjira. Kenaka anaviika kapepala mumkodzo, ndipo kanasonyeza kuti impso zikutaya puloteni. Kapepala kotchipako ndi kamene kanachititsa kuti alembedwe kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Tete. Kuyeza magazi kotchedwa ANA, komanso kudula kachikopa ka pamutu n'kukapima pa makina, sizichitika m'zipatala za kumudzi. Ngakhale ANA payokha siigamula mlandu, chifukwa anthu ena abwinobwino amapezeka nayo. Dokotala amaphatikiza ndi zimene waona ndi maso.

Mankhwala amene anapatsidwa anamuseketsa pang'ono. Hydroxychloroquine ndi m'bale wake wa kolorokwini uja wowawa, amene akuluakulu sangamuiwale kaamba ka kuyabwa kwake, yemwe dziko la Malawi linasiya kumudalira pa malungo mu 1993. Pa lupus ndi wakumwa zaka ndi zaka, ndipo womwayo ayenera kumapimitsa maso. Anamuwonjezera mapiritsi ena oteteza impso.

Langizo lovuta linali la dzuwa, lomwe limautsa nthendayi. N'chapafupi kulinena uli muofesi, koma m'chigwa cha Zambezi mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo tomato sadzigulitsa yekha.

Zigamba zakale sizinamere ngakhale tsitsi limodzi. Chikhala kuti wina anamasula mpango uja m'miyezi yoyambirira, mwina lambiri likanapulumuka. Zatsopano zinaleka kutuluka, mapazi anaphwa. Apongozi ake sanasinthe maganizo pa za wotola tsitsi uja, komabe ndi iwo amene amatsala ndi ana mayiyo akakwera chapa ulendo wa makilomita oposa 100 kukayezetsa mkodzo ku Tete. Pamsika amakhala pansi pa ambulera yaikulu, atavala chipewa cha mlaza pamwamba pa mpango.