Katemera ndi nambala ija ya 666

Bodza likavala Baibulo limavuta kulivula. Mu 2021, katemera wa Covid-19 atafika kuno ku Angónia, makolo ena a ana a m'kalasi mwanga anandiuza kuti ndi chizindikiro cha chilombo. Sanazimve kumowa ayi. Zinabwera pa WhatsApp, mawu a mlaliki wosadziwika, n'kulowa mpaka m'mapemphero a madzulo.

Ndikumvetsa chifukwa chake zinagwira mitima. Chivumbulutso 13 chimakamba za chizindikiro chimene wopanda icho sangagule kapena kugulitsa, ndipo masiku omwewo pamalire ankafunsa chikalata cha Covid-19. Munthu wowerenga Baibulo lake anangolumikiza ziwirizi. Komatu akatswiri ambiri amati 666 ndi dzina la Nero, mfumu ya Roma yozunza Akhristu, likawerengetsedwa m'zilembo za Chiheberi. Nanga kumudzi amafotokoza zimenezi ndani?

Namwino akati si zoona, anthu amamva ngati akutsutsa Mulungu, ndiye sapindula kanthu. Amayi ena achikatolika anakana azaumoyo kawiri konse. Anakafola kuchipatala katekisiti wawo atalengeza m'tchalitchi kuti Papa Francisco analandira katemerayo mu Januwale 2021.