Kuyeza Mtima pa Pepala la ECG

Ntchito yathu opima mtima ndi makina a ECG ndi kujambula pa pepala mphamvu ya magetsi imene imagunditsa mtima. Wodwala amagona chagada, timawaya 10 timamatidwa pakhungu: 6 pachifuwa, 4 pamanja ndi pamiyendo. Thukuta ndi mafuta odzola zimalepheretsa timawayato kugwira, choncho khungu limayamba lapukutidwa. Pepala limayenda mamilimita 25 pa sekondi, ndipo kabokosi kalikonse kakang'ono kamaimira masekondi 0.04.

Chofunika diso lakuthwa ndi mpata wa QT, nthawi imene mtima umatenga kuti ufinye magazi ndi kukonzekeranso. Mpatawu ukawerengedwa molingana ndi liwiro la mtima n'kupitirira mamilisekondi 500, pali ngozi: mtima ungasokonezeke mwadzidzidzi, munthu n'kukomoka kapena kufa. Makina amalemba nambala yawo, koma wodziwa ntchito amawerenganso timabokosi yekha, chifukwa makina amaphonya.

Ena amabadwa ndi vutoli. Mu 1957, Jervell ndi Lange-Nielsen a ku Norway anafotokoza za banja lina la ana osamva amene ankakomokakomoka, ena n'kufa. Mu 1995 ndi 1996 gulu la Mark Keating ku Utah linapeza majini oyambitsa matendawa: KCNH2, SCN5A ndi KCNQ1. Zitatero akatswiri anayamba kusintha majini a mbewa kuti aone vutolo likuchitika. Mbewa zochotsedwa KCNQ1 zinabadwa zosamva, monga ana a ku Norway aja. Mu 2009 gulu la Björn Knollmann ku Vanderbilt linaona pa mbewa kuti mankhwala a flecainide amaletsa matenda ena akumtundu otchedwa CPVT, amene amagwira mwana akamathamanga kapena akadzidzimuka, ndipo lero amaperekedwa kwa anthu. Komabe mtima wa mbewa umagunda koposa ka 500 pa mphindi, ndipo magetsi ake sayenda ndendende ngati athu, motero zopezeka pa mbewa zimatsimikizidwanso pa munthu.

M'makomboni a Lusaka, mwana wokomoka pa mpira ku Matero kapena ku Kalingalinga angaganiziridwe khunyu, mtima osapimidwa n'komwe. N'chifukwa chake wopima amafunsa mwaulemu kuti, "Amayi, kubanja kwanu alipo anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono, kapena anamira chonsecho ankadziwa kusambira?" Funsoli n'lolemera, koma silidumphidwa.

Mpata wa QT umatalikanso mwa anthu obadwa bwinobwino. Kwinini ndi bedaquiline wa TB yosamva mankhwala amautalikitsa. Kutsegula m'mimba koopsa, monga kolera imene inavuta ku Kanyama mu 2017 ndi 2018, kumachepetsa potaziyamu m'magazi, ngozi n'kukula. Pepala lokayikitsa limapita kwa dokotala tsiku lomwelo, wodwala atumizidwe ku chipatala cha UTH kapena ku National Heart Hospital, ndipo vutolo likakhala lobadwa nalo, makolo ndi abale a bere limodzi nawonso ayenera kupimidwa.